Msewu ngwa yani? Momwe amajisitireti ndi makomishonala adalimbiranira London

Pa 13 May 1833, wapolisi wina dzina lake Robert Culley adabayidwa ndi mpeni pa chipwirikiti chomwe chidabuka pabwalo la Coldbath Fields mumzinda wa London, ndipo adamwalira tsiku lomwelo. Gulu la anthu apantchito lidaitanitsa msonkhano wofuna kuti nawonso azikhala ndi mawu pa kayendetsedwe ka dziko. Boma lidauletsa, anthu adabwerabe, apolisi n'kuwathira zibonga. Kufika apa nkhaniyi ikumveka ngati ya dzulodzuloli. Chodabwitsa chili pa zomwe zidatsatira.

Anthu wamba 17 omwe adasankhidwa kuti amve umboni wa imfayi adagamula kuti yemwe adapha wapolisiyo sadalakwe. Inde, mwawerenga bwino. Zifukwa adapereka zitatu: palibe yemwe adawerengera khamulo lamulo lobalalitsa anthu, boma silidachite zokwanira kuti msonkhanowo usayambe n'komwe, komanso apolisi adachita nkhanza popanda wowaputa. Bwalo lalikulu lidafafaniza chigamulocho, koma m'misewu anthu 17 aja adasanduka ngwazi. Adapatsidwa mamendulo, mpaka kukwezedwa sitima yokasangalala pamtsinje wa Thames.

Chifukwa choyambacho ndicho chili ndi nkhani yathu. Kuchokera mu 1715, dziko la Britain lidali ndi lamulo lotchedwa Riot Act. Anthu 12 kapena kuposerapo akasonkhana mosokoneza mtendere, majisitireti kapena mkulu wina wa mzinda ankayenera kuima pamaso pawo n'kuwawerengera mawu owalamula kuti abalalike, kenako n'kuwapatsa ola lathunthu. M'maganizo a anthu a nthawiyo, msewu udali m'manja mwa majisitireti. Tsono tsiku limeneli adaona anyamata ovala majasi abuluu, otumidwa ndi mabwana awiri a ku ofesi yatsopano, akubalalitsa anthu popanda mawu aja. Funso lomwe lidavuta London kwa zaka 10 lidali lomweli: kodi wolamula mumsewu ndani?

Kale woweruza ndiye adalinso wogwira

Tisanafike pa mkanganowo, tione kaye momwe zinthu zidalili apolisi asanabwere. London wa m'zaka za m'ma 1700 adalibe polisi imodzi. Mzinda udagawidwa m'madera ang'onoang'ono otchedwa maparishi, ndipo parishi iliyonse inkalemba alonda ake a usiku, oyenda ndi nyali ndi ndodo. Ena mwa maderawa ankalipira bwino ndipo alonda awo adali amphamvu. Ena ankangotola madala otopa omwe ankagona m'tizisakasa tawo. Wakuba akangodumpha malire a parishi, mlonda ankabwerera, poti uko si kwake.

Pamwamba pa onsewa padali majisitireti. Iyeyu ankalandira dandaulo, kutuma anthu okagwira woganiziridwayo, kumufunsa mafunso, kenako n'kuweruza kapena kutumiza mlandu kubwalo lalikulu. Ambiri mwa amajisitireti a mu London sankalandira malipiro a boma. Ankadya ndalama zomwe anthu ankapereka pa kalata iliyonse ndi belo iliyonse, moti milandu ikachuluka ndiye kuti kunyumba kwawo kwacha bwino. Anthu adafika powapatsa dzina loti ndi ochita malonda ndi chilungamo.

Padalinso anthu ogwira akuba pofuna mphotho, poti boma linkapereka mapaundi 40 kwa yemwe wathandiza kuti wachifwamba wa pamsewu apezeke wolakwa. Wotchuka pa onse adali Jonathan Wild. Mkuluyu ankabwezera anthu katundu wawo wobedwa pamtengo, chonsecho akubawo adali anyamata ake omwe. Adanyongedwa mu 1725.

Yemwe adayesa kukonzako zinthu ndi Henry Fielding, mlembi wa mabuku yemwe adakhala majisitireti pa Bow Street mu 1748. Chaka chotsatira adasonkhanitsa kagulu ka amuna ngati 6 oti azifufuza milandu, omwe pambuyo pake adadziwika kuti Bow Street Runners. Iye atamwalira mu 1754, m'bale wake John Fielding, yemwe adali wosaona, adapitiriza ntchitoyi mpaka 1780. Mu 1792 Nyumba ya Malamulo idatsegula maofesi ena 7 otengera Bow Street, iliyonse yokhala ndi amajisitireti atatu olipidwa ndi boma komanso makonsitabulo awoawo osaposa 6. Zinthu zidasinthako, koma fupa lidatsala lomwelo: munthu mmodzi yemweyo ndiye ankatuma okugwira, n'kudzakhalanso pampando kuti amve ngati adakugwira moyenera.

Ndipo pakabuka chipwirikiti chachikulu, majisitireti adalibe anthu okwanira. Chomwe ankachita n'kuitana asilikali. Mu June 1780, pa zipolowe zotchedwa Gordon Riots, London adayaka pafupifupi sabata yathunthu ndipo asilikali adawombera anthu mazanamazana. Pa 16 August 1819 ku Manchester, amajisitireti adatuma asilikali apakavalo kukagwira olankhula pamsonkhano wa anthu pafupifupi 60,000. Anthu osachepera 15 adafa, mazana adavulala. Pakati pa mlonda wa nyali ndi msilikali wa lupanga padalibe china.

Peel abweretsa mabwana awiri

Maganizo okhazikitsa polisi imodzi adakanidwa kangapo. Mu 1785 boma lidabweretsa bilu, amalonda a pakatikati pa mzinda adaikana, idafera pomwepo. Angerezi ambiri ankati polisi ya boma ndi zinthu za ku France, komwe akazitape ankamvetsera zokamba anthu. Ankati bola wakuba kusiyana ndi boma lokusuzumira pawindo.

Robert Peel, nduna ya za m'dziko, ndiye adapeza njira. Mu 1829 adadutsitsa lamulo lokhazikitsa Metropolitan Police, koma mochenjera adasiya kunja kachigawo kakale kotchedwa City of London, komwe kudali mabanki ndi amalonda amphamvu aja. Pa 29 September 1829 madzulo, apolisi pafupifupi 1,000 adatuluka m'misewu koyamba. Adavala zabuluu kuti asafanane ndi asilikali omwe ankavala zofiira, adanyamula chibonga chachifupi ndi kachipangizo kopokosera poitana anzawo. Malipiro adali mashileni 21 pa sabata. Chaka chisanathe chiwerengero chidafika cha m'ma 3,000. Sikuti onse adali angelo ayi: wapolisi yemwe adapatsidwa nambala 1 adachotsedwa ntchito tsiku loyamba lomwelo chifukwa choledzera.

Owatsogolera adali awiri. Charles Rowan adali msilikali yemwe adamenya nawo nkhondo ya Waterloo mu 1815. Richard Mayne adali loya wachinyamata wa zaka 32 wobadwira ku Dublin. Ofesi yawo idali pa 4 Whitehall Place, ndipo khomo lakumbuyo lidayang'ana kabwalo kotchedwa Scotland Yard, komwe kudachokera dzina lomwe mumalimva m'mafilimu lija. Awiriwa ndiwo adadziwika kuti makomishonala. Pofuna kuti akhale ndi mphamvu pamalamulo, nawonso adalumbiritsidwa ngati amajisitireti, koma osati oweruza milandu. Bwana wawo adali mmodzi basi, nduna.

Apa mpomwe Peel adasiya msampha. Lamulo lake lidathetsa alonda a maparishi, koma silidakhudze maofesi a amajisitireti. A Bow Street Runners adatsala, makonsitabulo a m'maofesi 7 aja adatsala, polisi ya pamtsinje wa Thames yomwe idayamba mu 1798 idatsalanso pansi pa amajisitireti ake. Mzinda umodzi wa anthu oposa 1.5 miliyoni udakhala ndi magulu awiri ogwira anthu, lililonse ndi bwana wake. Akuluakulu adanena kale kuti atambala awiri salira m'khola limodzi.

Zaka 10 za kukokanakokana

Mbali iliyonse idali ndi mfundo yake. Amajisitireti ankati kuyambira kalekale konsitabulo ndi mtumiki wa majisitireti, choncho wapolisi watsopanoyu, ngakhale avale jasi lokongola bwanji, ayenera kumva zomwe iwo anena. Rowan ndi Mayne ankati ayi, gulu la anthu 3,000 silingayende ndi mabwana makumimakumi, lamulo lililonse lizidzera ku Whitehall Place.

Pansi pa mfundozi padali zina zomwe sizinkanenedwa poyera. Anyamata a amajisitireti ankapeza ndalama zapadera kudzera m'mphotho komanso polembedwa ganyu ndi anthu olemera kuti awafufuzire katundu wobedwa. Munthu wotere angauze bwanji wapolisi wa yunifolomu komwe kwabisala wakuba, pomwe wakubayo ndiye ndiwo zake za mawa? Zotsatira zake, magulu awiriwa ankabisirana nkhani. M'makhothi namo, makomishonala ankadandaula kuti amajisitireti ena akunyoza apolisi pagulu ndi kupereka zilango zopepuka kwa anthu omwe amenya wapolisi.

Chaka cha 1830 boma lidasintha, Peel adachoka paunduna, ndipo makomishonala adatsala opanda mtetezi wawo. Mu 1832 mpando wa mkulu wa amajisitireti pa Bow Street udapita kwa Frederick Roe, yemwe sadabise kuti sakugwirizana ndi Rowan ndi Mayne. Mkangano udafika pachimake mu 1834, pomwe mayi wina yemwe adatsekeredwa m'chitokosi adadandaula kuti insipekitala wa polisi adamugwirira. Akuluakulu a polisi sadaukhulupirire mlanduwo. Roe adautenga n'kuupititsa patsogolo. Gulu la nzika lomwe linkaunika ngati mlandu uli ndi mutu usanakalowe m'bwalo lalikulu lidaukana, komabe boma lidalamula kuti insipekitalayo ndi bwana wake achoke ntchito. Makomishonala adamvera, koma mokwiya.

Olemba mbiri ya polisi ambiri amaitenga nkhaniyi ngati umboni wa kaduka ka Roe. Mwina kaduka kadalipodi. Koma taganizirani mutakhala mayi uja. Mwatsekeredwa usiku, wokulakwirani ndi mwini makiyi, ndipo yemwe angamufufuze ndi bwana wake yemwe. Mukadapita kuti pakadapanda ofesi ina yosadya m'mbale imodzi ndi polisi? Pamenepa amajisitireti adali ndi mfundo yomwe mpaka lero sinathe ntchito.

Kumbali kudalinso gulu lachitatu, eni maparishi. Iwowa adalandidwa alonda awo koma n'kuuzidwa kuti azitolerabe msonkho wa polisi, mpaka mapeni 8 pa paundi iliyonse ya mtengo wa lendi ya nyumba. Madera ngati Marylebone adalira mokweza: ndalama tikupereka zambiri kuposa kale, koma wapolisi sitingamuuze ngakhale ngodya yoti aimepo. Mu 1833 boma lidavomera kuthirapo gawo la ndalamazo kuchokera kuthumba lake, koma mawu pa kayendetsedwe ka polisi silidawapatse.

Chaka chomwecho cha 1833 chidabweretsanso manyazi ena. Zidaululika kuti sajeni William Popay ankavala zawamba n'kumalowa m'misonkhano ya gulu la ndale la anthu apantchito, akudzionetsa ngati mnzawo wotentha mutu kuposa onse. Adachotsedwa ntchito, koma omwe ankaopa akazitape a ku France aja adati: si izi tinkanena?

1839: mpeni udutsa pakati

Makomiti a Nyumba ya Malamulo adakhala pansi kangapo, mu 1833 ndi 1834, kenako mu 1837 ndi 1838, kumva mbali zonse. Mapeto ake adali malamulo a 1839. Maofesi a amajisitireti adasanduka makhothi basi. Makonsitabulo awo adachotsedwa m'manja mwawo, a Bow Street Runners adathetsedwa patatha zaka 90, polisi ya pamtsinje idalowa pansi pa makomishonala. Dera la Metropolitan Police lidakula kuchoka pa mamailosi ngati 7 kufika 15 kuchokera pa Charing Cross. Chaka chomwecho Roe adachoka pampando. A City of London okha ndiwo adapulumuka: adaloledwa kukhala ndi polisi yawoyawo, yomwe ilipo mpaka lero m'kadera kongokwana sikweya mailosi imodzi.

Mukayang'ana mwachangu munganene kuti amajisitireti adagonja. Koma adatuluka ndi chinthu chomwe kale adalibe. Poti tsopano sankatumanso anthu okagwira, adatha kukhala pampando n'kufunsa wapolisi mosakondera kuti: munthuyu wamugwira chifukwa chiyani, umboni uli kuti? Wogwira adakhala wina, woweruza wina. Lero timaziona ngati zachidziwikire, koma zidatheka anthu atakangana zaka 10.

Padali mtengo wake. Ofufuza milandu atathetsedwa, London adakhala zaka zitatu wopanda gulu lenileni la ofufuza, mpaka 1842 pomwe makomishonala adakhazikitsa nthambi ya anthu 8 okha, atachita manyazi ndi wakupha wina yemwe adawazemba kwa masiku angapo.

Wopambana adatani nawo msewu?

Apa mpomwe nkhaniyi imakhudza munthu wamba. Lamulo la 1839 lidapatsa makomishonala mphamvu yolamula njira zomwe ngolo, akavalo ndi anthu azidzera pa nthawi ya zochitika zazikulu. Lidandandalikanso zinthu zoletsedwa mumsewu, zina zoseketsa: kuulutsa kaiti mosowetsa anthu mtendere, kutsetsereka pa madzi oundana, kugogoda pakhomo la eni popanda chifukwa, kukuntha kapeti pamsewu. Pa zambiri mwa izi wapolisi ankatha kukugwira pompo popanda kalata ya khothi, bola wakuona ndi maso ake. Tsono funsani kuti ndani ankasewera, kugulitsa ndi kucheza mumsewu. Sadali olemera okhala ndi mabwalo kuseli kwa nyumba zawo. Adali ana a m'nyumba zothinana, ndi makolo awo.

Mtolankhani Henry Mayhew, yemwe adayenda m'misewu ya London kucheza ndi amphawi cha m'ma 1850, adawerengera kuti anthu pafupifupi 30,000 ankadalira kugulitsa zipatso, ndiwo zamasamba ndi nsomba pa mawilibala. Mavenda enieni. Mu 1867 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loletsa kuika katundu pamsewu kupitirira nthawi yokweza kapena kutsitsa. Likadagwira ntchito momwe lidalembedwera, mabanja onsewa akadagona ndi njala. Mavenda adachita misonkhano, adadandaula mokweza, ndipo chaka chisanathe lamulolo lidakonzedwa: adaloledwa kupitiriza malonda, koma potsatira ndondomeko zolembedwa ndi komishonala wa polisi. Adapulumuka, koma chingwe chidatsala m'manja mwa munthu yemwe iwo sadamusankhe.

Pa zionetsero napo zidali chimodzimodzi. Pa 23 July 1866 boma ndi Mayne adatseka zipata za Hyde Park kuti gulu lofuna ufulu wovota lisachitiremo msonkhano. Khamu lidagwetsa mpanda wachitsulo n'kulowa. Patatha zaka 6, lamulo la 1872 lidatsegula njira yoti anthu azilankhula m'pakiyo, ndipo mpomwe padachokera ngodya yotchuka ya Speakers' Corner. Mu November 1887 komishonala wina, Charles Warren, adaletsa misonkhano pa Trafalgar Square. Anthu adapitabe pa 13 November, apolisi ndi asilikali adawamenya, ambiri adavulala.

Nanga eni mzinda, omwe ankalipira msonkho aja? M'matauni ena a England, lamulo la 1835 lidaika polisi pansi pa makomiti a makhansala osankhidwa. London yekha adatsala m'manja mwa nduna. Anthu a mumzindawu adadikira mpaka chaka cha 2000, zaka 171, kuti pakhale bungwe lokhala ndi nthumwi zawo loyang'anira Metropolitan Police. Kuchokera mu 2012 ntchitoyi ili pansi pa ofesi ya meya. Khothi la Bow Street lidatsekedwa mu 2006, ndipo nyumbayo pano ndi hotela komanso malo oonetserako mbiri ya polisi.

Zikutikhudza pati ife?

Mwina mukuti, zonsezi n'za azungu akalekale, ife zitithandiza chiyani pomwe bandulo ikutha? Dikirani kaye. Malamulo ambiri omwe amalamulira misewu ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba adachokera m'kabati yomweyo.

Choyamba, zomwe London adalekanitsa mu 1839, atsamunda adadzazilumikizanso kuno. Pa boma lililonse m'Nyasaland, bwana mmodzi yemweyo ankatolera msonkho, kulamula asilikali a paboma, komanso kukhala majisitireti. Wokugwira chifukwa cha msonkho ndi wokuweruza adali munthu mmodzi. Polisi ya dziko lonse yokhala ndi mkulu wakewake idadzakhazikitsidwa mu 1921, patatha zaka zoposa 80 chithereni mkangano wa Rowan ndi Roe. Kwawo adaona kuti n'zoopsa, kuno adati zili bwino.

Chachiwiri ndi vakabu. Mlandu umenewu, womwe wagonetsa achinyamata ambiri m'chitokosi chifukwa chongopezeka panja usiku, muzu wake ndi lamulo la ku England la 1824 lolimbana ndi anthu oyendayenda. Lidalowa m'malamulo athu a milandu nthawi ya atsamunda n'kukhalamo mpaka ufulu, mpaka matipate. Mu 2015 wogulitsa majumbo wina adagwidwa m'bandakucha mu Blantyre akupita ku Limbe kukayamba geni yake. Sadangopereka faindi n'kuiwala, adatengera nkhaniyi kubwalo lalikulu, ndipo mu January 2017 majaji adagamula kuti ndime 184(1)(c) ya malamulo a milandu ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Zidatheka chifukwa woweruza sadali bwana wa wogwira. Phindu la kulekanitsa kuja ndi limeneli.

Chachitatu ndi zionetsero. Ndime 38 ya malamulo aakulu a dziko lino imapatsa aliyense ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, wopanda zida. Lamulo la polisi la 2010 limati okonza zionetsero adziwitse DC pasadakhale. Koma ndi kangati mwamva kuti DC kapena khonsolo "yakana kupereka chilolezo", ngati kuti kudziwitsa ndi kupempha n'chimodzi? Ndi kangati mbali imodzi yathamangira kukhothi usiku kukatenga chiletso? Pa 20 July 2011 anthu adadzuka ali ndi uthenga wosokonekera, ena akuti zionetsero zilipo, ena akuti khothi laletsa, ndipo pomwe fumbi linkakhazikika anthu 20 adali atafa. Akuluakulu akamakokana pa za mwini msewu, amene amagwa si iwo.

Chachinayi ndi funso la mayi wa mu 1834 lija: wapolisi akakulakwira, upite kuti? Lamulo lomwelo la 2010 lidakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, la Independent Complaints Commission. Koma padatenga zaka pafupifupi 10 kuti liyambe kugwira ntchito. Bungwe lotere likakhala lopanda ndalama, lopanda galimoto, losadziwika kwa wakabaza wa ku Mchesi kapena mayi wogulitsa mandasi ku Ndirande, ndiye kuti pepala lilipo koma khomo ndi lotseka.

Pomaliza, mavenda. Mu 2006 boma lidawachotsa m'misewu pa ntchito yomwe idatchedwa Operation Dongosolo. Kuchokera apo akhala akubwerera, kuthamangitsidwa, kubwereranso. Mawa khonsolo ikuwadulira tikiti ya msika, mkuja apolisi a khonsolo yomweyo akuwalanda katundu, chisankho chikayandikira wandale akuti asiyeni ndi anthu anga. Woyenda pansi naye ali ndi dandaulo lake lomveka, poti msewu ukadzaza tomato ndi kaunjika iye amakayenda pakati pa maminibasi. Mavenda a ku London a 1867 sadapambane chifukwa komishonala adali wachifundo. Adapambana chifukwa adalankhula pamodzi mpaka lamulo lidalembedwanso, ndipo ndondomeko idakhala yolembedwa, yoti aliyense atha kuiwerenga n'kudziwa pomwe wilibala yake ingaime.

Choncho tsiku lina mukadzaona pa Facebook kalata ya DC yoimitsa zionetsero, kapena kanema wa pa WhatsApp wa galimoto ya khonsolo itadzaza madengu a anthu, musangothira ka emoji kokwiya n'kupitirira. Funsani zinthu zinayi zomwe anthu a ku London adakanganirana. Walamula ndani, ndipo ndime yake ya lamulo ndi iti? Wogwidwayo akaonekera pamaso pa yani, ndipo kodi zichitika pasanathe maola 48 monga ndime 42 ya malamulo aakulu imanenera? Ndalama zoyendetsera ntchitoyi akupereka ndani, nanga ali ndi mawu? Ndipo wolamulayo akalakwitsa, dandaulo lipita ku ofesi iti yomwe si yake yomwe? Khansala wa dera lanu ali ndi nambala ya foni, ndipo misonkhano ya khonsolo yonse anthu wamba amaloledwa kukamvera. Yambirani pamenepo.